Tsitsi la Forrest Gump ndi la mwana wa mlongo wanga

Amene mumandidziwa pamaso mukudziwa kuti mutu wangawu susintha. M'mbalimu ndi kunkhongoku mashini amadutsa mpaka khungu kuonekera, ndiye pamwambapa amangosiyapo katsitsi kochepa, kolingana bwinobwino ngati nazale ya mpunga. Ndakhala ndikumeta chonchi kwa zaka zoposa 25. Wometa wanga, mnyamata amene ali ndi kanyumba kake ka malata akale pafupi ndi pomwe amayi amayanika usipa, anasiya kalekale kundifunsa. Ndikangokhala pampando iye amakutumula nsalu n'kunena kuti, "Gump yomweyo, madala?" Ine n'kungogwedeza mutu.

Iyeyo filimu ya Forrest Gump sanaionepo. Dzinali analimvera kwa ine, ndipo pano analiika pa mndandanda wa mametedwe ake pamodzi ndi tebulo, mpala ndi mohoki. Tsiku lina ndinamva akufunsa mnyamata wa sukulu kuti, "Ndikumete Gump?" Mwanayo anakana, akuti ndi ya agogo.

Sabata ino ndikufuna tikambirane za kametedwe kameneka, chifukwa mwezi wathawu kanandisowetsa chonena pamaso pa mwana wa mlongo wanga.

Filimuyi inatuluka ku America mu July 1994, ife kuno tikadali m'chisangalalo cha chisankho cha pa 17 May. Kunyanja kuno inatipeza patapita zaka zingapo, pa tepi yotopa kale ndi kubwerekedwa. Amsinkhu wanga mukukumbukira nyumba za vidiyo za nthawi ija: mdima bii masana dzuwa likuswa mtengo, mazenera otseka ndi ziguduli, jenereta ikulira kuseri, fungo la thukuta losakanikirana ndi la nsomba. Ife tinkapita kukaona Rambo, Commando ndi Van Damme, anthu oti akaponya chibakera chimodzi adani asanu n'kugwa. Mwini vidiyo wina anamunamiza kuti tepi imeneyi ndi ya nkhondo ya ku Vietnam. Itayamba tinangoona bambo wovala suti yoyera atakhala pabenchi, bokosi la chokoleti pamiyendo, akufotokozera anthu osawadziwa mbiri ya moyo wake. Anyamata anayamba kukuwa kuti awabwezere ndalama zawo. Nkhondo ija itafika anakhala chete pang'ono, itatha ambiri anatuluka. Tinatsala anthu owerengeka.

Masiku amenewo kunalibe anyamata omasulira mafilimu m'Chichewa ngati lero. Tinkadalira mnyamata wina wa Fomu 3 amene ankakhala kutsogolo n'kumatitanthauzira mokweza, ndipo pano ndikudziwa kuti theka la zimene ankatiuza ankangopeka.

Kwa amene simunaione, nkhani yake ndi iyi mwachidule. Forrest ndi mwana wa ku Alabama, wa mutu wogwira mochedwa, amene ali wamng'ono ankayenda ndi zitsulo m'miyendo. Mayi ake anamulera okha. Zitsulo zija zitathothoka kunapezeka kuti mwanayo ndi mphenzi pothamanga, ndipo liwirolo linamufikitsa ku koleji. Kenako usilikali ndi nkhondo ya ku Vietnam, kumene ananyamula anzake ovulala mmodzimmodzi kuwachotsa pamoto. Anasewera mpira wa patebulo mpaka ku China, anagwirana chanza ndi apulezidenti atatu, Kennedy, Johnson ndi Nixon, ndipo pokwaniritsa lonjezo limene anapangana ndi mnzake Bubba yemwe anafera kunkhondo, anagula boti lophera tinkhanu ta m'nyanja ya mchere totchedwa shrimp. Botilo analitcha Jenny, dzina la mtsikana amene ankamukonda chiyambire ubwana. Muli zoseketsa zambiri, muli ndi maliro angapo. Anatsogolera kujambula ndi Robert Zemeckis, nkhaniyo anaitenga m'buku la Winston Groom la mu 1986, ndipo filimuyi inatenga mphoto za Oscar zisanu ndi imodzi. Imodzi inapita kwa Tom Hanks, amene anasewera ngati Forrest.

Ine pa zonsezo ndinatolapo kametedwe.

Musandiseke. Kametedwe kaja kamagwira ntchito yaikulu mufilimumo. Pojambula n'kuti Tom Hanks ali ndi zaka 37, koma atangomumeta m'mbalimo makutu n'kutsala pamtetete, nkhope ija inasanduka ya mwana wa Sitandade 1 tsiku loyamba sukulu. Asanatsegule pakamwa umadziwiratu kuti munthu uyu sanganame, ndiponso kuti akhoza kunamizidwa. Ndiye onani mmene dziko likusinthira momuzungulira. Akubwera Elvis ndi tsitsi lake lopesera m'mwamba, akubwera achinyamata okana nkhondo a tsitsi lofika m'mapewa, Jenny nthawi iliyonse akatulukira amakhala ndi mutu wina. Forrest yekha ali chimodzimodzi, ku sukulu, ku koleji, kunkhondo, pa boti. Polowa usilikali panalibe choti amumete, anabwera atameta kale. Zaka pafupifupi 30 za mbiri ya America zikudutsa, ndipo woonera amaziyeza ndi mutu umodzi wosasinthawo.

Nthawi imeneyo ndinali mnyamata wofunafuna ntchito, ndipo ndinati mutu umenewu ndi woyenera kupita nawo ku intavyu. Ntchito ndinaipezadi, ngakhale sindinganene kuti anailemba ndi mutu kapena satifiketi.

Koma kunena zoona, chimene chinandikopa chinali chozama kuposa pamenepo. Ife tinakula m'nthawi imene tsitsi linali nkhani ya boma. Kunotu ku Nkhotakota n'kumene msonkhano wa chipani cha Malawi Congress wa mu 1960 unapatsa Kamuzu utsogoleri wa chipanicho wa moyo wake wonse, ndipo patapita zaka 13, mu 1973, malamulo a kavalidwe anafika mpaka m'mitu mwathu. Amayi analetsedwa mabuluku ndi masiketi aafupi. Abambo tinapatsidwa ndime 180(g) ya malamulo a milandu, imene inkayeza tsitsi motere: ukaima chilili, n'kuyerekeza mzere wozungulira mutu wodutsa pakamwa, tsitsi likatsika kupitirira mzere umenewo unali wolakwa, m'gulu limodzi ndi anthu osokoneza pamsewu. Alendo a tsitsi lalitali ankayamba akumana ndi sizasi asanaloledwe kulowa m'dziko muno. Kusukulu aphunzitsi ankakulambulira msewu pakati pa mutu kuti ukamalize wekha kunyumba. Tinaloweza ngodya zinayi zija, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, ndipo mwana wa ngodya zinayi ankadziwika ndi kunkhongo. Lamulo la kavalidwe linachotsedwa mu 1993, koma kandime ka tsitsi kaja kanatsalira m'buku kwa zaka zambiri zipani zambiri zitabwera kale. M'mitu mwa ife akuluakulu ndiye kakadalimo. Pamene ndinaona Forrest Gump, ndinaona mwana womvera amene zinthu zinamuyendera, ndipo mtima wanga unati eya, ndi zimene ankanena aphunzitsi zija.

Tsopano ndibwere ku nkhani ya pakhomo.

Mu July chaka chatha mwera unatenga mlamu wanga. Anapita usiku kukapha usipa wa nyali monga mwa masiku onse, mphepo inadzuka chakum'bandakucha, boti linatembenuzika. Anzake anapulumuka atakakamira zigubu mpaka asodzi ena kuwatola. Iye sanaoneke. Tinayenda m'mphepete mwa nyanja masiku ambiri, ena kulowera ku Sani mpaka pomwe Chia amathirira m'nyanja, ena chakumpoto mpaka ku Bua, kufunsa pa doko lililonse. Nyanja sinatibwezere. Mapeto ake tinakhuza maliro opanda mtembo.

Tsiku la kumeta litafika, akuluakulu anatenga lumo. Masiku ano ambiri sitimetanso mpala ngati kale, amangodulako pang'ono patsogolopa kuti mwambo uchitike. Tonse tinaweramitsa mitu. Atafika pa mwana woyamba wa malemuyo, mnyamata wa zaka 19, iye anagwira mutu wake ndi manja awiri.

"Amalume," anatero akuyang'ana ine, "timameta tikaika. Ife taika ndani?"

Panalibe amene anayankha. Agogo ena anati musiyeni, mtima ukatsika adzameta yekha.

Chaka chatha tsopano. Tsitsi lija lakula, lapotana, lachita timfundotimfundo, chipeso sichingalowemo. Mnyamatayo samwa mowa, sasuta, sanayambanepo ndi munthu. M'mawa uliwonse kusanache amayenda pamchenga mtunda wautali ndithu, n'kubwerera, kenako amathandiza kukoka makoka ndi kusoka maukonde a eni ake. Kandalama kamene wapeza amakapereka kwa mayi ake. Koma inu mukudziwa mbiri imene boma lathu lino lili nayo pa nkhani ya fodya wamkulu. Mnyamata wa ku Nkhotakota akangosiya tsitsi, mlandu watha kale kuzengedwa. Amayi a pamjigo anati wayamba chamba. Ena anati mutu wasokonekera. Ena, oganiza mozama, anati wapita kwa sing'anga kukakhwima ndipo chizimba chake n'chakuti asamete. Akakwera minibasi chikwama chake ndicho chimayamba kupisidwa. Kwaya imene ankaimba anamuuza mwaulemu kuti ayambe wapumula. Mbali inayi, anyamata ogulitsa zibangili kwa azungu anayamba kumutcha Ras n'kumamuitana kuti alowe gulu lawo, poti mutu wotero akuti umakoka makasitomala. Aliyense anawerenga m'mutu mwa mwanayo kalata yakeyake. Amene anapita kukamufunsa mwini mutu sindinamuone, ndipo ine ndemwe ndili m'gulu la osafunsawo.

Mwezi wathawu mlongo wanga anabwera kwathu m'mamawa, nkhope ili yakugwa. Malo ena ogona alendo m'mbali mwa nyanjamu ankafuna mnyamata wodziwa boti, wotha kusambira, wolankhulako Chingerezi. Mwana wathu zonsezo ali nazo. Anamuuza kuti ntchito ndi yake, koma abwere atameta.

"Achimwene, mbumbayi ndi yanu," anatero mlongo wangayo. "Mwanayu bambo alibe. Ine ndalankhula mpaka malovu kuuma. Kamumeteni."

Musamuweruze mayiyu. Ali ndi ana ena anayi kumbuyoku, awiri ali ku sekondale. Boti linapita, ukonde umene unamira unali wangongole, ndipo mwini ngongole sanamire nawo. Malipiro a pamwezi m'nyumba imene ija ndi kusiyana kwa kugona ndi njala ndi kugona atadya kondowole. Ndinavomera kuti Loweruka ndipita naye kwa wometa.

Koma ndinati mwana wamkulu chonchi sungamukokere kumpando ngati mbuzi. Ndinaganiza nzeru, ndipo ndinadziona wochenjera. Ndinapempha mwana wanga kuti andipezere filimu ija pa kompyuta yake, n'kuitana mnyamatayo kuti Lachisanu adzadye nafe mgonero. Cholinga changa chinali choti aone yekha munthu wometa bwino, womvera, amene analemera ndi boti la usodzi, kenako ine ndiponyepo mawu awiri atatu a umalume. Kuyambira tsiku lija la m'nyumba ya vidiyo ndinali ndisanaionenso.

Anaonera ali chete. Pa Bubba anaseka, pamene msilikaliyo akutchula njira zonse zophikira shrimp osapuma, akuti akufanana ndi amayi ena a pa doko akayamba kukamba za usipa. Forrest atagula boti n'kumangovuula nsapato zakale ndi zinyalala m'malo mwa nsomba, anapukusa mutu ngati msodzi mnzake. Kenako kunabwera namondwe. Ndinali nditaiwala kuti mufilimumu muli namondwe, ndiponso kuti Forrest analemera chifukwa mphepo ija, Hurricane Carmen ya mu 1974, inaphwanya maboti a anzake onse n'kusiya lake lokha. Thukuta linandituluka. Ndinatambasula dzanja kuti ndidumphitse, iye anati, "Isiyeni, amalume."

Chachiwiri chimene ndinaiwala ndicho chandilembetsa nkhaniyi. Mayi ake a Forrest akumwalira. Jenny akubwera, akukhala naye kanthawi, kenako m'mawa wina akukwera takisi osatsanzika. Forrest akukhala pakhonde, akudzuka, akuyamba kuthamanga. Akufika kumapeto kwa msewu, akupitirira. Akufika kunyanja ya mchere ya mbali ina ya America, akutembenuka, akuthamangira ya mbali inayo. Ndipo mutu uja, mutu umene ine ndakhala ndikuuonetsa kwa ometa kwa zaka 25, ukusowa. Tsitsi likutsika mpaka m'mapewa, ndevu zikufika pachifuwa, pamwamba kachipewa kofiira. Akanakhala kuno mu 1973 akanagona m'chitokosi. Atolankhani akumuthamangira ndi mafunso, kodi mukuthamangira mtendere wa dziko lonse, kodi n'chifukwa cha osowa pokhala, kodi ndi za chilengedwe. Anthu akuyamba kumutsatira m'chigulu poganiza kuti munthu wa ndevu zotere ndi mneneri ndipo ali ndi uthenga. Iye alibe uthenga uliwonse. Akuthamanga zaka zitatu, miyezi iwiri, masiku 14 ndi maola 16, kenako pakati pa chipululu, pa msewu wa ku Monument Valley, akuima n'kuuza omutsatira aja kuti watopa, akupita kwawo. Tikamuonanso pabenchi paja, mutu wabwerera mwakale.

Mnyamata uja anaimitsa filimu yekha.

"Amalume, ameneyu anamumeta ndani?"

Ndinati filimu sionetsa, koma zikuoneka kuti anapita yekha.

"Liti?"

Ndinati atatopa, atabwerera kwawo.

Anakhala kaye chete, akuyang'ana pansi. Kenako anati, "Ine sindinatope."

Mawu anga awiri atatu aja anathera pakhosi. Tinamaliza filimuyo popanda wolankhula, ndipo ndinamuperekeza mpaka pa mjigo.

Usiku umenewo tulo sitinabwere. Munthu mmodzi yemweyo anavala mitu iwiri mufilimu imodzi, ine n'kusunga umodzi, winawo n'kuutaya ngati sindinauone. N'zoona kuti tsitsi lalitali lija linali wigi ndipo ndevu zija zinali zomata, pakuti filimu yonse anaijambula m'miyezi yochepa chabe. Tom Hanks anadzasiyadi tsitsi ndi ndevu zakezake pambuyo pake, pa filimu ya Cast Away ya mu 2000, pamene anaimitsa kujambula pafupifupi chaka kuti aonde ndi kusanduka munthu wotayika pachilumba. Koma wigi kapena ayi, amene anakonza Forrest Gump ankadziwa chimene ankachita. Munthu amene sanasinthe mutu kunkhondo, amene sanausinthe atalemera, anausintha kamodzi kokha, atataya mayi ake ndi mkazi amene ankamukonda. Ine ndinaona zimenezi ndili mnyamata wosadziwa maliro, n'chifukwa chake sizinakhazikike. Mwana wa mlongo wanga anaziona kamodzi n'kuzizindikira.

Poyamba ndinati kusiyana kwake n'kwa mitundu, azungu akalira amasiya tsitsi, ife tikalira timameta. Koma nditaganiza bwino ndinaona kuti makolo athu ankanena chinthu chomwecho. Kale namfedwa sankameta kapena kudzikongoletsa kufikira tsiku loikika, ndipo panali kumeta koyamba maliro atangoikidwa, ndi kumeta kwachiwiri patapita miyezi, kumene kunkatsekera zonse ndi kumasula wamasiye. Pakati pa kumeta kuwiriko tsitsi linkawerenga masiku a chisoni. Mwambowu ndi wanzeru, chifukwa sumusiya munthu kuti adzipezere yekha tsiku lotopa ngati Forrest. Mudzi umamuuza kuti lero basi, n'kumugwira mutu ndi manja a abale. Vuto n'lakuti mwambowu unamangidwa pa manda. Umayenda bwino kumtunda, kumene wakufa aliyense amakhala ndi mtumbira wake. Kunyanja kuno tili ndi imfa zina zopanda mtumbira. Bishopu Chauncy Maples anamira m'nyanja yomweyi mu September 1895, koma iye nyanja inamubweza, ndipo manda ake ali pa tchalitchi cha All Saints mpaka lero, aliyense akhoza kukaima pamenepo. Ana a asodzi ambiri alibe poti akaime. Ife akuluakulu tinachita mwambo wa kumtunda pa imfa ya panyanja, tinameta, tinasesa, tinabalalika. Mwana mmodzi anatiuza kuti masamu athu sanatheke, ndipo tinamutcha wachamba.

Nditaionanso ndi maso aukulu, filimu ija nayonso ndayamba kuikayikira pena. Imakondera ometa. Taonani Lieutenant Dan, mkulu wa asilikali amene anaduka miyendo yonse, yemwe anasewera ndi Gary Sinise. Pamene ali wokwiya, woledzera, wokangana ndi Mulungu pamwamba pa mlongoti wa boti, tsitsi lili m'mapewa. Pamene wapeza mtendere n'kubwera ku ukwati wa Forrest ndi miyendo yachitsulo ndi chibwenzi chake, wameta bwinobwino. Jenny, amene ankafunsa mafunso ndi kuyenda ndi a tsitsi lalitali, ndi amene akuvutika mpaka kufa ndi matenda osatchulidwa dzina. Forrest, amene amachita chilichonse chimene wauzidwa, ndi amene akudalitsika. Ku America komweko anthu anakanganapo za zimenezi filimuyi itangotuluka. Kamuzu akanaionera ndikhulupirira akanagwedeza litchowa movomereza mbali zambiri. Koma ngakhale filimu yokondera chonchi inamulola munthu wake womvera uja zaka zitatu za tsitsi losapesa, ndipo palibe malume amene anamuthamangira ndi sizasi.

Sindikunena kuti mnyamata aliyense wa tsitsi lopotana ali pa chisoni. Ena amasutadi, ndipo timawadziwa. Sindikunenanso kuti mwini ntchito alibe ufulu wofuna antchito ooneka mmene iye akufunira. Koma muzindikumbutsa, kodi aja anatibera ndalama za boma pa Cashgate mu 2013, ndi angati anali ndi madiredi? Amene ndinawaona pa zithunzi za m'nyuzi akutuluka m'khoti anali ometa bwino ngati ine ndemwe, ena ndi mataye omwe.

Malamulo ndiye asunthako. Pa 8 May 2023 khoti lalikulu ku Zomba, pamaso pa Justice Zione Ntaba, linagamula kuti ana a Chirasta aziloledwa m'sukulu za boma ndi tsitsi lawo, ndipo linalamula unduna wa maphunziro kuti udziwitse sukulu zonse. Chinali chigamulo chabwino, ndipo ana ambiri amene ankangokhala pakhomo chinawatsegulira chitseko. Koma mwana wa mlongo wanga si Mrasta. Alibe chipembedzo choti akatchule pamaso pa woweruza, alibe gulu lomuyankhulira. Ali ndi bambo amene sanaikidwe, basi. Chimenecho sichilembedwa pa fomu ya ntchito.

Loweruka linafika, ndipo poti ndinalonjeza mlongo wanga, tinapitadi. Mnyamatayo sanakane kundiperekeza. Mwera unali ukuwomba pang'ono, nyanja yachita mizeremizere yoyera, mabwato ambiri ali pamtunda. Ndinapereka ndalama ya mitu iwiri. Ndinakhala pampando, nsalu pakhosi, "Gump yomweyo, madala?" Ndinagwedeza mutu, ngakhale tsiku limenelo ndinadziyang'ana pagalasi nthawi yaitali kuposa masiku onse. Iye anakhala pabenchi panja, nkhope kunyanja.

Nditatha, wometa anakutumula nsalu n'kusuzumira pakhomo.

"Aise, mpando uwu."

"Osati lero," anayankha osacheuka.

Wometayo anandiyang'ana, kudikira kuti malume alankhule. Ndinatenga chipewa changa. Anafuna kundibwezera ndalama ya mutu winawo, ine ndinati aisunge. Ndiye poopa kuiwala anatola khala pambaula ya mayi wokazinga chinangwa pafupi pomwepo, n'kulemba pa lata la m'kati, pambali pa chithunzi cha mametedwe: "Mutu umodzi, analipira kale."

Ntchito ija anatenga mwana wina wa tsidya la Kaombe. Mlongo wanga chiyambire tsiku limenelo sanapondeko kwathu, moni amatumiza kudzera mwa ana, ndipo sindikumudandaula, pakuti amene akuwerenga makobidi a sukulu usiku ndi iyeyo. Ya teremu ikubwerayi ya mwana mmodzi ndanena kuti ndilipira ine, ngakhale mayi a kunyumba sanasangalale nazo.

Dzulo ndinadutsa kwa wometa uja. Zolemba za khala zija zikadalipo, wachita kuzibwereza poti zinayamba kufufutika. Akuti mnyamatayo amadutsa m'mawa uliwonse pochokera koyenda pamchenga, amapereka moni, amasuzumira pa lata paja, n'kupitirira ulendo wa ku makoka.